Makadoni Opanda Fupa

Lachisanu, 15 Novembala

Abwera mawa pa sitima ya 11 koloko yochokera ku Paris. Mwana wanga Bastien ndi bwenzi lake lija, Solène, amene ndangomuona pa foni kawiri basi. Akhala sabata yathunthu.

Ndilembe pano poti pakamwa sindinganene: ndili ndi mantha. Dokotala wanenetsa kuti mu Januwale maondo awiri onsewa achitidwe opaleshoni, ndipo zoima pa chitofu tsiku lonse ndiiwale. Ndiye lesitilantiyi, matebulo asanu ndi atatu amene amayi anandisiyira, kaya aitenga anawa kaya titseka. Bastien amatha kulandira alendo ndi kuthira vinyo, koma ngakhale dzira amalipsereza. Wophika ndi mtsikanayo, ndipo akuti ndi katswiri, kumene amagwira ntchito anthu amafola panja ngakhale mvula ikugwa. Vuto ndi limodzi. Sadya nyama, saphika nyama. Mazira ayi, mkaka ayi, tchizi ayi, batala ayi. Batala amene!

Ku Lyon kuno. M'nyumba ya amuna anga, munthu amene wagulitsa nyama zaka makumi anayi.

Amuna anga a Fernand amupatsa kale dzina, ati Namasamba. Ndawachenjeza kuti akangolitchula pamaso pake adya chakudya cha galu sabata yonse. Angoseka, ati bola m'menemo muli nyama.

Loweruka, 16 Novembala

Ndachita manyazi amene sindinachitepo chikwatiwire.

Kufika afika bwino. Mtsikana wamfupi, woseka msanga, mikono yodzaza zipsera za uvuni. Nditangoona zipserazo ndinamukonda. Chikwama chachikulu anawapatsa a Fernand kuti anyamule, koma mipeni yake yokulunga m'kansalu kolimba anaipana m'khwapa, osalola munthu aikhudze. Inenso ndikanatero. Wophika sasiyana ndi mipeni yake.

Ndinadzuka m'mamawa kumuphikira mphodza, mpoto wakewake. Soseji imene timaikamo masiku onse ndinaisiya dala, mpaka kudziyamikira kuti Odile iwe, ukuyenda ndi nthawi. Ndinapereka mbale, n'kubwerera kukhitchini kukadikira monga ndimachitira.

Ine zoti "chakoma" sindimvera. Aliyense amanena. Ndimayang'ana mbale ikabwerera. Munthu akanyema buledi n'kupukuta msuzi mpaka mbale mbee, ndiye kuti chakudya chamugwira mtima. Ya a Fernand inabwera ngati yotsuka kale. Ya Bastien theka. Ya Solène inabwera monga inapitira, kungoti tizidutswa ta nkhumba yowamba pa utsi anatisanja m'mphepete, bwinobwino, mwaulemu.

Bastien ananditsatira. "Amayi, mwaikamo nkhumba."

"Nkhumba iti? Soseji ndachotsa ine."

"Nanga iti?"

"Iti si nyama, mwanawe. N'tokometsera chabe, ngati mchere."

Anangogwira mutu. Atafunsa za msuzi ndinayankha monyada kuti ndi wa nkhuku, wopepuka. Ndinazindikira mawuwo ali pakamwa. Ndikulumbira, m'mutu mwanga munalibe zoti nkhuku yowiritsa n'kuichotsamo imawerengedwa.

Mtsikana anadya buledi ndi apulo, akumwetulira, ati ndisadandaule, zimamuchitikira kulikonse. Zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri, kuti nyumba yanga ili m'gulu la "kulikonse". Koma Bastien sanandinyengerere. Anati ngati Solène sangathe kudya pa tebulo la nyumba ino, sangaphikenso m'khitchini mwake. Kuli ntchito ikuwadikira ku Bordeaux, onse awiri, ndipo ayenera kuyankha Lolemba la pa 25.

A Fernand anatola tizidutswa tonse ta pa mbale ija n'kutidya. Ati kutaya ndi tchimo.

Lamulungu, 17 Novembala

Mbatata zowiritsa ndi saladi wopanda kanthu. Wadya, wathokoza, sanapukute. Ndikanakhala ine sindikanapukutanso.

Lolemba, 18 Novembala

Tsiku lotseka. M'mawa S. wandipempha mwaulemu ngati angabwereke chitofu changa atiphikire masana. Ndavomera, n'kukoka mpando pakona ngati ndikufuna kupumitsa maondo. Zoona zake ndimafuna kuona.

Choyamba chimene ndaona: mipeni yake sanaimasule. Yatsala m'chipinda. Wagwiritsa ntchito yanga, atayamba waiyesa pa chala n'kunena kuti a Fernand amanola bwino. Bambowo amva ali pakhonde ndipo ayenda tsiku lonse chifuwa chili patsogolo.

Chachiwiri: mtsikanayu sataya kanthu. Makoko a anyezi, mitu ya karoti, mapesi a bowa, zimene ine ndimaponya m'bini, iye wawotcha mu uvuni mpaka zada, n'kuziwiritsa pamodzi ndi bowa wouma. Ndinkati ndiseke. Koma fungo litayamba kutuluka a Fernand analowa mphuno ili m'mwamba kufunsa kuti ndani akuwotcha ng'ombe.

Watiphikira karoti ndi nyemba zoyera mu msuzi umenewo. Ndilembe zoona poti bukuli saliwerenga wina: msuziwo unali ndi thupi. Ndinangodzipeza buledi ali kale m'manja, akupita m'mbale. Ndinamubweza msanga n'kumudya wouma. Kudzikuza kumeneku kudzandipha.

Anandifunsa maganizo anga, ndipo pakamwa pangapa sipadziwa kubisa. Ndinamuuza kuti anyezi wake wafulumizitsidwa. Wafiira kunja, m'kati akadali wamwano. Bastien anandiponda phazi pansi pa tebulo. Mtsikana anati ku Paris amamupatsa mphindi khumi basi, mbale zimakhala zikudikira.

"Kuno anyezi sitimufulumizitsa," ndinatero. "Amapsa akafuna yekha."

"Mundionetse, mayi."

Madzulo ndinawapeza a F. kuseri kwa chitseko cha furiji akudya soseji moimirira. Ati amangoona ngati sinawonongeke.

Lachiwiri, 19 Novembala

Kumsika wa ku Croix-Rousse ndi S., tili awiri. Iye kukoka dengu, ine kukoka miyendo.

Mayi amene ndimagulako masamba chiyambire wamulandira ngati m'bale wake. Ati masiku ano achinyamata ndi ophika a m'malesitilanti atsopanowa amamumalizira katundu 10 koloko isanakwane, zinthu zimene kale ankabwerera nazo kukapatsa nkhuku. Ati ngakhale mwana wa wogulitsa tchizi uja anasiya tchizi. Dziko likutembenuka ine ndili kukhitchini.

Ndiye makadoni afika, ndiwo zathu za nyengo yozizira, oyamba a chaka chino, mapesi oyera aatali kufika m'chiuno, minga yake m'mphepete. Solène ndi wa ku Bretagne, anali asanawaphikepo. Ndinamufotokozera mmene timachitira pa Khirisimasi: kuwawiritsa, kuwayala m'mbale ya uvuni, msuzi wa batala ndi ufa, ndipo pamwamba mafuta a m'mafupa a ng'ombe, odula mozungulira, kuti asungunukiremo. Ndikufotokoza malovu anadzaza m'kamwa. Iye anangofunsa kuti nanga popanda fupa?

Ndinati pamenepo si makadoni, ndi mapesi. Komabe tinagula mitolo itatu.

Masana, alendo atapita, tinakhala pansi kusenda. Ntchito yake ndi yotopetsa, kuchotsa minga, kusolola tiulusi timodzitimodzi, kuponya msanga m'madzi a mandimu asanade. Zala zimada bii, masiku atatu osachoka. Ndinamuuza avale magolovesi, anakana poona ine ndilibe.

Posendapo ndi pamene anandiuza. Bambo ake amaweta nkhumba, masauzande, m'mashedi aatali opanda mawindo. Anakulira m'fungo limenelo, ndipo ali ndi zaka khumi ndi zisanu anangoona kuti basi, sangathenso. Bambo akewo mpaka lero amati akuwatukwana. Sananene modandaula, ankangosenda. Kenako anati sadzaphika nyama, zimenezo ndidziwiretu, koma sadzathamangitsa munthu. Ngati a Fernand akufuna mpoto wawo wa matumbo wa Lachinayi, umene anamva kwa Bastien, moto wakumapeto ulipo, aziphika okha.

"Chimene ndikuopa ndi anthu anu, mayi. Adzati mtsikana wa ku Paris anabwera kudzapha lesitilanti ya a Odile. Sindikufuna kuphikira anthu amene akudya mondipirira."

Ndinadabwa. Ine ndimaganiza kuti wamantha ndine ndekha m'nyumba muno.

Ndiye ndinamuuza za mkuja. Lachinayi lililonse 9 koloko m'mawa a Fernand ndi anzawo asanu amakhala pa tebulo la pawindo kudya matumbo ndi soseji, vinyo ali pambali, kuyambira Bastien asanabadwe. Ndipo mkuja ndi tsiku la vinyo watsopano wa chaka chino, sajomba ndi mmodzi yemwe. Ndinati tiwaphikire makadoni opanda fupa. Nkhalamba zimenezo sizidziwa kupirira munthu. Zikapukuta mbale, ndiye kuti aliyense mu Lyon angapukute.

Anayang'ana zala zake zakudazo n'kuseka. Wavomera.

Lachitatu, 20 Novembala

Tayesa katatu.

Koyamba: madzimadzi, kuwawa, ngati kudya nyuzipepala yonyowa. A F. analawa n'kufunsa ngati tinawalakwira chiyani makadoniwo.

Kachiwiri S. anasinja mtedza wa ku Grenoble m'malo mwa batala. Wachuluka, kukamwa kumata. Tinayang'anana, tonse n'kuyamba kuseka mpaka ine kugwira tebulo. Bastien anasuzumira kuti aone ngati tikumenyana.

Kachitatu ndinati ndisiyire anyezi. Makilo awiri, moto wapansipansi, mafuta a mtedza womwewo, ola limodzi ndi theka. Dzanja langa linapita lokha ku mbale ya batala kanayi konse, ndipo kanayi konse S. anangotsokomola. Pomaliza anaichotsa n'kukaibisa pamwamba pa kabati, pamene sindifikira. Anyezi atasungunuka n'kukhala wofiirira, wotsekemera, iye anathiramo msuzi wake wakuda uja, mtedza pang'ono chabe, nyenyeswa za buledi wadzulo pamwamba. Kulowa mu uvuni.

Sindinena zambiri, ndingalodze. Koma tinadya pakona pa mbaleyo tili chiimire, osalankhulana.

Kenako ine ndi nzeru zanga. Ndinati tidule mapesi a bowa mozungulira, tiwakazinge, tisanje pamwamba. Aoneka ndendende ngati mafuta a m'fupa. Nkhalambazo ndi vinyo m'mutu sizizindikira, tidzaziuza zitapukuta kale. Ndinkaona ngati ndaganiza chinthu chapamwamba.

S. anakana. Anati bowayo tiike, amakoma, koma tiwauze asanagwire foloko.

"Loweruka inu simunadziwe kuti mukundipatsa chimene sindidya, ndiye sindinakwiye. Ife mawa tikhala tikudziwa."

Ndinayesa kunena kuti masamba sanaphepo munthu. Anati si nkhani ya kufa. Akufuna adziwe ngati angadye chakudya chake akuchidziwa kuti ndi chake.

Akunena zoona, ndipo zikundinyansa kuti akunena zoona. Marius, mnzawo wa a Fernand, akangomva mawu oti "mulibe nyama" adzayamba msonkhano.

Lachinayi, 21 Novembala

Anafika 9 isanakwane, zipewa zonyowa, phokoso kuyambira pakhomo. Marius amene ankamanga nyumba, Lucien wa ku positi, ndi ena atatu aja. Bastien anatsegula vinyo watsopano, onse analawa n'kunena monga amanenera chaka chilichonse kuti wa chaka chatha anali bwino.

Mbale ya makadoni ndinanyamula ndekha, ikutokota, pamwamba pofiira. Marius anawomba m'manja, ati Khirisimasi yafulumira. S. anaima pakhomo la khitchini, manja kumbuyo.

Ndinanena zonse mosabisa. Mulibe fupa, mulibe batala, mulibe tchizi. Zozungulirazo ndi bowa. Taphika awiri, ine ndi Solène, ndipo matumbo abwera pambuyo pake, asade nkhawa.

Marius anayamba monga ndinanenera. Ati Odile, takulakwira chiyani? Ati agogo ake akanamva akanadzuka kumanda. Anatembenukira kwa a Fernand: "Iwe Fernand, zaka makumi anayi ukudula ng'ombe, lero akudyetsa udzu m'nyumba mwako uli chete?"

A Fernand anamanga kansalu pakhosi, anadzigawira, osati pang'ono ayi. Anatafuna nthawi yaitali maso ali kudenga, monga ankachitira polawa soseji ya wina. Ine ndinathawira kukhitchini. Zoonerera anthu akudya sindinazithepo.

Tinaima kuseri kwa chitseko ine ndi S., makutu ali kunja. Phokoso linayamba kuchepa. Mafoloko okha. Tinamva Lucien akuti mchere wachepa, wina akumuyankha kuti lilime lake linafa kale ndi fodya. Tinamva Marius akuti mupatsireni pakona popsererapo, osati kuti wakonda ayi, angofuna aone. S. anandigwira dzanja. Zala zathu zonse zakuda.

Bastien anabweretsa mbale ziwiriziwiri, nkhope ngati sakudziwa kanthu, mwana woipa. Tinaziyala pa tebulo.

Ya Lucien theka latsala. Anatumiza mawu akuti pepani, iye popanda fupa sizikumulowa, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Ina yadyedwa yonse koma yosapukuta. Zinayi mbee. Mwa zinayizo ya a Fernand, ndi ya Marius, imene ndinaidziwa chifukwa ndi iye yekha amene amasiya foloko chagada.

Ndinatuluka nayo m'manja kukamuonetsa. Anakana kuti si yake. Atapanikizidwa anati iye amapukuta mbale iliyonse pofuna kuchepetsa ntchito ya otsuka. Kenako anakuwa cha kukhitchini: "Tamuitaneni Namasambayo timuone!"

Ndinawayang'ana a F. Iwo maso m'tambula. Ndiye kuti dzina lija analifalitsa kale tauni yonse.

S. anatuluka akupukuta manja. Ndinkati zathera pompa. Iye anangofunsa kuti ndani mwa iwo anapeka dzinalo, ndipo zala zisanu zinaloza a Fernand. Anati chabwino, alilandira, koma kuyambira lero iwonso ndi a Namafupa. Tebulo lonse linagwa nacho chiseko, Marius mpaka kutsamwa. Anamukokera mpando, anamuthirira vinyo, n'kuyamba kumuphunzitsa mmene makadoni amaphikidwira, anthu amene sanasendepo ngakhale phesi limodzi.

Matumbo anadyabe, mpoto wonse psiti. Solène anakhala nawo pomwepo, kutsogolo kwake kuli makadoni otsala. Ndinamuona ndi maso angawa akunyema buledi, akuzunguliza m'mbale, kawiri. Mbale yoyamba kupukutidwa ndi iye m'nyumba muno. Ndinabwerera kukhitchini kukalira pang'ono, ndikunamizira anyezi amene panalibe.

Lachisanu, 22 Novembala

Palibe amene watchula za Bordeaux. Inenso sindifunsa, ngakhale lilime likuyabwa. Masana awiriwo anapita kukayenda kumtsinje, anabwera akulankhula motsitsa mawu, atandiona anasiya.

Marius wadutsa kudzafunsa ngati "zinthu zija" zidzakhaleponso sabata yamawa. Ati akufunsira mkazi wake.

Batala wanga akadali pamwamba pa kabati. A Namafupa akana kunditsitsira.

Loweruka, 23 Novembala

Apita. Takisi inabwera 10 koloko. Bastien anandipsompsona masaya onse, ati tiyimba Lolemba, Amayi. Solène anandikumbatira, anathokoza chifukwa cha anyezi. Basi. Ndinadikira mawu ena mpaka galimoto inakhota pakona.

Ndinawauza a Fernand kuti zatha, akanakhala ndi nkhani yabwino akananena. Ku Bordeaux kuli khitchini yaikulu, yatsopano, yopanda nkhalamba yoika nkhumba mu mphodza. Iwo anati ndisathamangire kuganiza zoipa. Ndinawakalipira popanda chifukwa, kenako ndinamanga epuloni, poti anthu khumi ndi awiri anali atasungitsa malo a masana ndipo anyezi sadzisenda yekha.

Nditakoka dilowa ya mipeni inakana kutseguka bwino, china chake chikukola. Ndinakoka mwamphamvu.

Kansalu kolimba kaja. Komasula, koyala bwinobwino pamwamba pa mipeni yanga, yake isanu ndi umodzi ili m'matumba mwake.

A Fernand anasuzumira paphewa panga. "Aa, waiwala mwana uja. Ndithamangire kusiteshoni? Sitima sinanyamuke."

Anali atagwira kale chipewa.

"Khalani pansi, bambo," ndinatero. "Mungonditengera mwala wanu wonolera uja."

Ndinatulutsa mipeni yanga yonse n'kuisunthira kumanzere. Dilowayo ndi yaing'ono, koma yakwana.